HTTPS, Private DNS, VPN kapena Tor: iliyonse imabisa chiyani, ndipo imabisa kwa ndani?

Funso lakuti njira yabwino yodzitetezera pa intaneti ndi iti siliyankhika munthu asanatchule amene akumubisalira. Osuzumira ndi ambiri ndipo sakhala pamalo amodzi. Pali mwini Wi-Fi ya pa ofesi, pa koleji kapena pamalo ogona alendo. Pali kampani ya netiweki, imene kuno ku Malawi kuyambira mu 2018 imasunga dzina ndi nambala ya chiphaso cha mwini SIM aliyense. Pali webusaiti imene mukupitakoyo, pamodzi ndi otsatsa malonda amene anamatirira pa masamba ake. Palinso m'bale wanu amene amabwereka foni madzulo. Njira iliyonse mwa izi imaphimba maso a mmodzi kapena awiri, enawo n'kumaonabe bwinobwino.

Taganizani za katundu wotumiza pa basi. Thumba likasokedwa bwino, kondakitala sadziwa ngati muli mpunga kapena mtedza. Koma dzina la wolandira ndi tauni yake zalembedwa pamwamba, kulemera kwake akukumva m'manja, ndipo wotumizayo wamuona nkhope. Pa intaneti napo zobisika zili motero: zamkati, komwe zikupita, ndi amene watumiza. Anthu ambiri amagula njira yobisa chimodzi akuganiza kuti agula zonse.

HTTPS: imene muli nayo kale

Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi HTTPS, njira yokiya zodutsa pakati pa foni yanu ndi webusaiti, ndipo simulipira ngakhale tambala. Pansi pake pali TLS, mdzukulu wa SSL imene kampani ya Netscape inatulutsa mu 1995. Mtundu wake watsopano, TLS 1.3, unakhazikitsidwa mu Ogasiti 2018, ndipo mitundu yakale ya 1.0 ndi 1.1 mabulawuza akuluakulu anaisiya mu 2020. Mukalemba adiresi, foni ndi seva, kompyuta yosunga webusaitiyo, zimayamba zalonjerana. Seva imaonetsa satifiketi yotsimikiza kuti dzinalo ndi lakedi, kenako mbali ziwirizo zimapangana kiyi wa ulendo umenewo wokha. Kiyiyo sadutsa pa waya ayi; mbali iliyonse imamuwerengera payokha kuchokera ku manambala amene zasinthana. Ulendo ukatha amatayidwa. Ndiye munthu atajambula zonse zimene zadutsa lero, n'kudzaba kiyi wamkulu wa sevayo chaka chamawa, zalerozi sangazitsegulebe.

Kale sizinali choncho. Mu Okutobala 2010 kunatuluka kapulogalamu kotchedwa Firesheep, kamene kankalola aliyense wokhala pa Wi-Fi yosakiya kulowa mu Facebook kapena Twitter ya mnzake wa tebulo loyandikana pongodina kamodzi. Mantha a Wi-Fi ya pagulu amene otsatsa VPN akugulitsabe lero anabadwira nthawi imeneyo. Koma Facebook inayamba kukiya maulendo a anthu onse mu 2013, Wikipedia mu 2015, ndipo kuyambira Julayi 2018 Chrome imalemba kuti "Not secure" pa tsamba lililonse losakiya. Lero mwini Wi-Fi sangawerenge pasiwedi yanu ya Gmail, sangaone zimene mwalemba pofufuza pa Google, sangathenso kulowetsa zake m'tsamba limene mukuwerenga.

Chimene amaona ndi dzina la webusaiti. Limatuluka pawiri: foni ikamafunsa adiresi ya webusaitiyo kudzera mu DNS, komanso m'moni woyamba uja, m'kagawo kotchedwa SNI, kamene kamayenda kosakiya chifukwa seva imodzi imasunga mawebusaiti ambiri ndipo iyenera kudziwa satifiketi yoti ionetse. Amaonanso nthawi imene mwalowa ndi kuchuluka kwa data imene yadutsa. Choncho mukawerenga za matenda enaake pa Wikipedia, netiweki imangodziwa kuti munali pa Wikipedia. Mukawerenga zomwezo pa webusaiti imene dzina lake lenilenilo likutchula matendawo, dzinalo laulula kale. Pali njira yatsopano yotchedwa ECH yobisa kagawo kameneka, Firefox ndi Chrome anaiika mu 2023, koma imagwira pokhapokha webusaiti nayonso itaiyatsa.

Kaloko kaja ka pambali pa adiresi kasokoneza anthu ambiri. Kamangonena kuti njira yapakati pa inu ndi webusaitiyo ndi yokiya. Sikanena kuti mwini webusaitiyo ndi munthu wachilungamo. Kuchokera pamene bungwe la Let's Encrypt linayamba kupereka masatifiketi aulere kumapeto kwa 2015, aliyense wokhala ndi dzina la webusaiti amapeza satifiketi m'mphindi zochepa, akathyali omwe. Chrome inachotsa kalokoko mu 2023 chifukwa chakuti anthu ankakamva molakwika. Choyenera kuwerenga ndi dzina lenilenilo, ndipo limawerengedwa kuchokera kumanja. Pezani kamzere kopendekera (/) koyamba kotsatira dzinalo, bwererani m'mbuyo, ndipo mawu omalizira pamenepo ndiwo mwini nyumba. Adiresi yolembedwa bankiyanu.com.landirani-mphoto.xyz si ya banki. Ndi ya mwini landirani-mphoto.xyz, ndipo pasiwedi yanu ifika kwa iye itakiyidwa bwino kwambiri.

Bulawuza ikatchinga tsamba ndi chenjezo lakuti njira si yotetezeka, musathamangire kudina "Proceed". Yambani mwaona tsiku ndi nthawi pa chipangizo chanu. Satifiketi ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, za Let's Encrypt zambiri zimakhala masiku 90 okha, ndiye foni kapena laputopu imene batire yake ya wotchi inafa n'kubwerera ku chaka chakale imaona satifiketi iliyonse ngati yolakwika. Uthenga wake pa Chrome umatha ndi mawu akuti CERT_DATE_INVALID. Chachiwiri, Wi-Fi imene imafuna kuti muyambe mwalemba vocha imalanda ulendo wanu woyamba kuti ikuonetseni tsamba lake, ndipo chenjezo limabwera mpaka mutalowa. Chachitatu chimakhudza mafoni akale: Android yotsika kuposa 7.1.1 ilibe satifiketi ya muzu ya Let's Encrypt, imene imatsimikizira masatifiketi ake enawo, moti mawebusaiti ambiri abwinobwino imawakana. Mankhwala ake anali kuika Firefox, imene imabwera ndi mndandanda wakewake wa masatifiketi, koma mitundu yake yatsopano siikikanso pa mafoni akale chotere. Ngati wotchi ili bwino, foni ndi yatsopano, ndipo chenjezo likubwera pa webusaiti ya banki kapena ya imelo, chokani pa netiweki imeneyo.

HTTPS imathyoka makamaka pakhosi pamodzi: amene bulawuza imamukhulupirira kuti asainire masatifiketi. Mu 2011 anthu anathyola kampani ya DigiNotar ya ku Netherlands n'kudzipangira satifiketi yabodza ya Google, imene inagwiritsidwa ntchito kuwerenga maimelo a anthu a ku Iran. Kampaniyo inagwa chaka chomwecho. Mu 2019 boma la Kazakhstan linauza nzika zake kuti ziike satifiketi ya boma m'mafoni ndi m'makompyuta, ndipo Mozilla (eni a Firefox), Google ndi Apple anaitsekereza. Zofanana ndi izi zimachitika mwalamulo m'maofesi ambiri. Kompyuta ya kuntchito imatha kukhala ndi satifiketi ya kampani yoikidwiratu, ndipo a IT amatha kutsegula HTTPS yonse popanda chenjezo lililonse kuoneka. Pa foni yanu ya Android, fufuzani mawu akuti "Trusted credentials" kapena "security certificates" mu Settings, n'kuona gawo la User. Mwa anthu ambiri gawo limeneli limayenera kukhala lopanda kanthu. Wina akakuuzani kuti muike satifiketi kuti mupeze intaneti yaulere, akukupemphani kiyi wa chipinda chogona.

Chosintha chimodzi chimene tingauze aliyense kuti achite lero: mu Chrome, pitani ku Settings, Privacy and security, ndipo yatsani "Always use secure connections". Mu Firefox dzina lake ndi "HTTPS-Only Mode". Bulawuza idzayamba yakufunsani isanatsegule tsamba losakiya.

Za Incognito sitichulukitsa. Imangoletsa bulawuza kusunga mbiri ndi makuki, timafayilo timene mawebusaiti amakukumbukirani nato, pa chipangizocho mukatseka. Kwa m'bale wobwereka foni ndi yothandiza ndithu, ndipo pa kompyuta ya pa intaneti kafe ndi yofunika. Netiweki ndi webusaiti zimakuonani monga mwa masiku onse. Google inavomera mu 2024, pothetsa mlandu ku America, kufufuta zambiri zimene inasonkhanitsa kwa anthu amene ankasakatula mu Incognito akuganiza kuti sakuoneka.

Private DNS: yotsika mtengo, yopindula pang'ono

DNS ndi buku la manambala la intaneti. Mukalemba dzina, foni imafunsa seva ya DNS kuti ikupatseni adiresi ya IP, nambala imene makompyuta amapezerana nayo, ndipo mwachizolowezi funsolo limapita kwa kampani ya netiweki kapena rauta ya Wi-Fi losakiya, pa poti 53 (poti ndi ngati khomo lokhala ndi nambala limene data imadutsira). Aliyense wapanjira amatha kuliwerenga, ndipo choipa kwambiri, amatha kuyankha bodza n'kukulozerani kwina. Njira zokiya zilipo ziwiri. DNS over TLS inalembedwa mu 2016 ndipo imadutsa pa poti 853; DNS over HTTPS inabwera mu 2018 ndipo imadutsa pa poti 443, limodzi ndi mawebusaiti onse, n'chifukwa chake ndi yovuta kuitseka.

Android 9 ndi ina yonse yotsatira ili ndi yoyambayo. Pitani ku Settings, Network & internet, Private DNS; pa Samsung ili pansi pa Connections, More connection settings. Sankhani malo olemba dzina la seva ndipo lembani limodzi mwa awa: dns.google, one.one.one.one ya Cloudflare, kapena dns.quad9.net. Muyenera kulemba dzina, osati manambala, mukalemba 8.8.8.8 foni ikana. Quad9, imene likulu lake lili ku Switzerland, ili ndi ubwino woonjezera wakuti imakana kuyankha mayina a mawebusaiti odziwika kuti ndi achinyengo kapena ofalitsa mavairasi. Kwa munthu amene amadina linki iliyonse ya pa gulu la WhatsApp, chimenechi ndi chamtengo kuposa chinsinsi chenichenicho.

Musayembekezere zambiri. SNI ija ikuululabe dzina la webusaiti, adiresi ya IP ikuonekabe, ndiye kampani ya netiweki ikafuna kudziwa komwe mukupita idziwa. Mndandanda wa mafunso anu wangosamukira kwa Google, Cloudflare kapena Quad9. Vuto limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti Wi-Fi zina za m'maofesi ndi m'masukulu zimatseka poti 853, ndipo foni imalemba kuti Private DNS sikupezeka n'kukana kutsegula chilichonse ngakhale netiweki ili yodzadza. Zimathekanso mukatsala ndi bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha, chifukwa seva ya DNS imene mwasankhayo siili m'gulu la malo amene bandulo imalipirira. Pamenepo bwezerani pa Automatic.

VPN: kusintha wokuonani

VPN imakumba ngalande yokiya kuchokera pa foni yanu kukafika ku seva ya kampani ya VPN, ndipo zonse, DNS yomwe, zimadutsa mmenemo. Mwini Wi-Fi ndi kampani ya netiweki amangoona kuti mwalumikizana ndi seva imodzi ndi kuchuluka kwa data. Webusaiti imaona adiresi ya IP ya sevayo m'malo mwa yanu. Pa chitsanzo cha basi chija, mwaika thumba lanu m'katoni n'kulemba dzina la munthu wa pakati, iye ndiye akatsegule katoniyo n'kupititsa thumbalo kwa mwini wake. Kondakitala sakudziwanso wolandira. Wapakatiyo akudziwa zonse ziwiri, wotumiza ndi wolandira.

Ndiye funso lenileni la VPN ndi ili: kodi kampani imeneyi mukuikhulupirira kuposa netiweki yanu? Nthawi zina yankho ndi inde. Mtolankhani, loya kapena wogwira ntchito za maufulu a anthu amene safuna kuti mndandanda wa mawebusaiti amene amawerenga ukhale pafupi ndi nambala ya chiphaso chake ali ndi chifukwa chomveka. Koma VPN zambiri zaulere za mu Play Store, zokhala ndi chithunzi cha chishango ndi nyenyezi zisanu, ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kafukufuku wa mu 2016 wa bungwe la CSIRO la ku Australia ndi anzawo anayesa mapulogalamu a VPN 283 a Android. Anapeza kuti 18 pa 100 aliwonse sankakiya kalikonse, 38 pa 100 anali ndi zizindikiro za mapulogalamu oononga, ndipo 66 pa 100 ankatulutsa mafunso a DNS kunja kwa ngalande. Onavo Protect, VPN yaulere imene Facebook inagula mu 2013, ntchito yake inali kuuza Facebook mapulogalamu amene anthu amakonda. Inachotsedwa mu App Store mu 2018. Hola inapezeka mu 2015 ikugulitsa intaneti ya ogwiritsa ntchito ake kwa anthu ena. Maseva amadya ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo amene sakukulipiritsani akupeza ndalamazo kwinakwake.

Si zonse zili choncho. Proton VPN ya ku Switzerland ili ndi gawo laulere lopanda malire a data, limene limalipiriridwa ndi makasitomala olipira. Mullvad ya ku Sweden imalipiritsa mayuro 5 pamwezi, siifuna imelo kapena dzina, imangokupatsani nambala ya akaunti ya manambala 16. Mu Epulo 2023 apolisi anafika ku maofesi ake ku Gothenburg ndi chilolezo chofufuza, n'kubwerera chimanjamanja chifukwa zimene ankafunazo sizinkasungidwa. Mawu akuti "no logs", kutanthauza kuti sasunga mbiri ya zimene mumachita, aliyense amalemba. Umboni ndi zochitika ngati zimenezi, kapena lipoti la ofufuza akunja limene kampani yaliika poyera. Dziko limene seva ili nalonso ndi nkhani: India italamula mu 2022 kuti makampani a VPN azisunga mbiri ya makasitomala kwa zaka 5, makampani angapo anachotsa maseva awo m'dzikomo.

Pa zaluso, mwa njira zokumbira ngalande zimene pulogalamu ya VPN imapereka, sankhani WireGuard ngati ilipo. Inalowa mu Linux mu 2020, ndi yopepuka, siidya batire kwambiri, ndipo foni ikachoka pa Wi-Fi kupita pa data imalumikizanso msanga. Imaonjezera mabaiti 60 mpaka 80 pa phukusi lililonse la data, ndiye pokopera zinthu zazikulu bandulo imatha msanga ndi pafupifupi 5 pa 100, ndipo pa mafoni apamawu, pamene maphukusi ndi ang'onoang'ono, kuposa pamenepo. Kuipa kwake ndi kwakuti imadziwika mosavuta kwa amene akufuna kuitseka. OpenVPN yoikidwa pa TCP poti 443 imachedwerako koma imadutsa malo ambiri otsekedwa. PPTP, imene ikupezekabe m'marauta akale, inathyoledwa kalekale. Seva sankhani yapafupi: intaneti ya ku Malawi imatuluka kudzera ku Mozambique ndi Tanzania kukalowa m'mawaya a pansi pa nyanja, choncho seva ya ku Johannesburg imayankha msanga kuposa ya ku London kapena New York.

Mukaika, chitani zinthu ziwiri. Mu Settings ya Android, pa gawo la VPN, dinani kagudumu ka pambali pa dzina la pulogalamuyo, yatsani "Always-on VPN" ndi "Block connections without VPN". Popanda izi, netiweki ikadukaduka ngalande imagwa mwakachetechete ndipo foni imapitiriza panjira wamba inu osadziwa. Kenako tsegulani dnsleaktest.com ndipo muone ngati dzina la kampani yanu ya netiweki likuoneka pa zotsatira. Likaoneka, ngalandeyo ikudontha.

Zodandaula zimene zimabwera pambuyo pake ndi zodziwika. Bandulo ya WhatsApp kapena Facebook siigwira VPN ili yoyaka, chifukwa netiweki sikuonanso kuti mukupita ku WhatsApp. Imadula data wamba, ndipo ikasowa imatha kudya mayunitsi. Pulogalamu ya banki imatha kukana kapena kutseka akaunti kwakanthawi ikaona mukulowa ngati muli ku Netherlands. Mapulogalamu ambiri a VPN ali ndi gawo la split tunneling lolola kuti musankhe mapulogalamu oyenda kunja kwa ngalande, koma mukayatsa "Block connections without VPN" amene mwawapatulawo amasowa intaneti, ndiye pamafunika kusankha chimodzi. Ndipo mukalowa mu akaunti yanu ya Google kapena Facebook, makampaniwo akudziwani ndi dzina, IP ikhale ya kulikonse.

Pamene VPN imaoneka phindu lake poyera ndi pa nthawi yotseka masamba. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho ku Zambia, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa, ndipo amene anali ndi VPN ankadutsa. Pamene intaneti yonse yazimitsidwa, monga zinachitikira ku Zimbabwe mu Januwale 2019, palibe VPN imene ingathandize, chifukwa ngalande imafuna msewu. Iikeni ndi kuiyesa zinthu zisanavute. Pa tsikulo masamba okopera amatha kukhala otsekedwa nawonso. Psiphon, imene inayambira ku Toronto, inapangidwira ntchito yodutsa zotchinga yomweyi, koma eni ake sanena kuti imabisa kuti ndinu ndani.

Tor: pamene dzina lanu lisadziwike n'komwe

Tor imathetsa vuto la munthu wapakati pomugawa patatu. Ganizoli linayambira ku labotale ya asilikali apanyanja a ku America m'zaka za m'ma 1990, ndipo kuyambira 2006 likuyendetsedwa ndi bungwe losachita malonda la Tor Project. Uthenga wanu umakulungidwa katatu n'kudutsa pa makompyuta atatu a anthu odzipereka. Yoyamba imakudziwani inu koma siidziwa komwe mukupita. Yapakati imangodziwa yoyamba ndi yomaliza. Yomaliza imadziwa webusaiti koma siikudziwani. Palibe imodzi imene ili ndi mbali zonse ziwiri, ndipo njirayo imasinthidwa pakapita mphindi 10 kapena kuzungulira pamenepo. Tor Browser imachitanso chinthu chimene VPN siichita: imayesetsa kuti ogwiritsa ntchito ake onse azioneka ofanana, kuti webusaiti isakuzindikireni ndi kukula kwa sikirini kapena mitundu ya zilembo za pa kompyuta yanu. N'chifukwa chake simuyenera kuonjezeramo timapulogalamu tina.

Mtengo wake ndi liwiro ndi kuleza mtima. Masamba amachedwa, makanema amadukaduka, mawebusaiti ambiri amakufunsani mobwerezabwereza kuti musankhe zithunzi za mabasi ndi maloboti apamsewu, ena amakana n'komwe. Kompyuta yomaliza ija imaona zonse zimene sizili pa HTTPS: mu 2007 katswiri wina wa ku Sweden anaika makompyuta otulukira angapo n'kutola mapasiwedi a maimelo a maofesi a akazembe a mayiko osiyanasiyana. Komanso netiweki yanu imaona kuti mukugwiritsa ntchito Tor, ngakhale siiona komwe mukupita. Mu Disembala 2013 wophunzira wina wa ku Harvard anatumiza uthenga wabodza woopseza bomba kudzera pa Tor, ndipo anagwidwa posachedwa chifukwa ofufuza anangoyang'ana amene anali pa Tor pa Wi-Fi ya sukuluyo pa nthawi imeneyo. Tor siinathyoledwe, anthu ake ndiwo anali ochepa. Pa ofesi kapena m'tauni imene mwina ndinu nokha amene muli pa Tor, nkhani imeneyi ikukhudzani. Mankhwala ake ndi milatho, imene mu Settings ya Tor Browser imatchedwa Bridges: obfs4 imachititsa data kuoneka ngati phokoso lopanda tanthauzo, Snowflake imaichititsa kuoneka ngati foni ya pakanema.

Kopani Tor Browser ku torproject.org kapena ku Play Store pansi pa dzina la Tor Project; pa iPhone pali Onion Browser. Amene akufuna kuulula za katangale osadziwika akumbukire kuti zimene zimagwiritsa anthu kawirikawiri ndi fayilo yeniyeniyo. Chikalata cha Word chimasunga dzina la amene anachilemba, chithunzi chimatha kusunga malo ndi mtundu wa foni, ndipo ngati anthu atatu okha ndiwo anachiona chikalatacho, Tor ilibe chochita pamenepo.

Mauthenga ndi nkhani ina

HTTPS imakiya pakati pa inu ndi kampani, moti kampaniyo imawerenga. Kukiya kochokera pa foni kukafika pa foni kumatsekera kunja kampani yomwe. WhatsApp inamaliza kuika kumeneku mu Epulo 2016 pogwiritsa ntchito luso la Signal, pulogalamu ina yotumizira mauthenga, ndipo kumagwira pa mauthenga, mafoni ndi magulu popanda kuyatsa chilichonse. Meta, kampani imene ili mwini wa WhatsApp, imadziwabe amene mumalankhula nawo ndi nthawi yake. Signal imasunga zochepa kwambiri: makhoti a ku America ataiitanitsa zambiri za anthu, inangopereka tsiku lotsegulira akaunti ndi tsiku limene inalumikizidwa komaliza. Telegram ndiyo imanamiza ambiri. Macheza ake wamba ndi magulu onse amasungidwa pa maseva ake m'njira yakuti kampaniyo ingathe kuwerenga. "Secret Chat" yokha, ya anthu awiri, ndiyo yokiya mpaka kumapeto.

Pa WhatsApp pali mabowo awiri amene mungatseke nokha. Loyamba ndi zosungidwa ku Google Drive kapena iCloud: pitani ku Settings, Chats, Chat backup, n'kuyatsa "End-to-end encrypted backup", imene inabwera mu 2021. Pasiwedi kapena kiyi wa manambala 64 mukamutaya, palibe amene angakubwezereni mauthengawo, WhatsApp yomwe. Lachiwiri ndi kubedwa kwa akaunti. Wakuba amalemba nambala yanu pa foni yake, WhatsApp imakutumizirani manambala 6 pa SMS, iye n'kukuimbirani mwaulemu kuti anatumiza molakwika muwawerengere. Yatsani "Two-step verification" pansi pa Account, ndipo nthawi ndi nthawi yang'anani "Linked devices" kuti muone ngati pali kompyuta imene simukuidziwa. Pa gulu la anthu 200, kukiya kulikonse kumathera pa munthu woyamba kujambula sikirini.

Tikaziika pamodzi, munthu wamba amene amawerenga nkhani, kulipira mabilu ndi kucheza ndi abale a ku Johannesburg kapena ku Leeds sasowa VPN ya tsiku ndi tsiku. HTTPS yokakamiza, Quad9 pa Private DNS, ndi foni imene ikulandirabe zokonza za chitetezo zimukwanira, ndipo ndalama ya VPN ikanagula bandulo. Wogwira ntchito pa Wi-Fi ya abwana amene safuna kuti a IT aone kuti akufufuza ntchito kwina agwiritse ntchito foni yake ndi data yake. VPN pa kompyuta ya kampani siibisa kanthu kwa pulogalamu yoyang'anira imene ili m'kompyutamo, ndipo imatha kumupalamulitsa mlandu wa kuntchito. VPN yolipira ndi ya amene mndandanda wa mawebusaiti ake ungamuike m'mavuto, ndi ya masiku otseka masamba. Tor ndi ya ntchito imodzi imodzi yofuna kusadziwika, yochitidwa osalowa mu akaunti iliyonse ya dzina lanu.

Ndalama za pa foni zimene mumatumiza poimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba sizidutsa pa intaneti n'komwe. Zimayenda pa USSD, njira ya netiweki ya foni yeniyeniyo, monganso SMS ndi kuimba wamba, ndipo HTTPS, VPN ndi Tor sizifikako. Pamenepo chokutetezani ndi PIN ya manambala anayi, imene isakhale chaka chanu chobadwa, ndi PIN ya SIM, imene mumayatsa pa "SIM card lock" mu Settings kuti wotola foni asangosolola SIM n'kuiika mu foni ina. Mukailakwitsa katatu SIM imadzitseka ndipo imafuna PUK ya manambala 8 yolembedwa pa kakhadi kamene SIM inabwera nako, choncho pezani kakhadiko musanayambe.